Chithunzi cha pa Bokosi

Akazi anga, Christobel Nyashaba, anamwalira Lachinayi dzuwa likutuluka, ndipo pofika naini koloko mchimwene wawo, a Zondwayo, anali atandipatsa kale ntchito. Anandipeza pakhonde, anthu akutulutsa mipando ya pabalaza ndi kutsitsa za pakhoma kuti azimayi apeze pokhala.

"Alamu, ndapota, tikufuna chithunzi cha mlongo wanga," anatero. "Amama a Umanyano a kutchalitchi akuti chikhale chachikulu, cha m'fulemu, choti chizitsogolera bokosi. Mawa m'mawa tikunyamuka wa ku Champhira, mbwenu chikhale chilipo. Inu ndinu mwini kamera, apa sitivutika yayi."

"Musadandaule," ndinatero. "Pofika masana mukhala nacho."

Ndinayankha mwamatama, ngakhale tsiku ngati limenelo. Zithunzi ndiye zinali zanga. Mzimba yense amadziwa kuti Maclean, mlangizi wa zaulimi wa ku Ntchisi uja, amene boma linamutaya kuno zaka pafupifupi makumi atatu zapitazo n'kumuyiwala, sayenda wopanda kamera pakhosi. Ndinayigula ku Jenda kwa munthu wina wochokera ku Joni, yakale koma ya diso lalitali, ndipo kuyambira pamenepo ndinasanduka wamisala wa boma lino. Alimi a ku Euthini ankandiseka kuti ndine mlangizi woyamba kufika m'munda n'kumayang'ana kumwamba m'malo moyang'ana chimanga. Sankanama. Ntchito ndinkagwira, koma mtima unkakhala pa kambalame kamene kalira mu mtengo wa kuseri.

Ndinali ndi lamulo limodzi, limene ndinaliphunzira kwa anzanga ojambula a pa gulu lathu la pafoni ndipo ndinaligwira kuposa malamulo khumi aja. Chithunzi cha chilengedwe sichifuna munthu. Sichifuna waya wa magetsi, sichifuna malata, sichifuna mutu wa munthu wodutsa. Ndikabwera koyenda ndinkakhala pansi, n'kumaona chimodzichimodzi, chilichonse chimene mwalowa nkhope ya munthu n'kuchifufuta kapena kuchidula. Ndinkati ndikuyeretsa.

Ndinalowa kuchipinda, ndinatseka chitseko, n'kutsegula laputopu pabedi. Pabalaza azimayi anali atayamba nyimbo. Zithunzi zanga zinali m'magulu ake, mwadongosolo monga ndimakondera: Hora, Perekezi, Euthini, Jenda, Champhira, Kuseri kwa Nyumba. Zonse pamodzi zinali zikwi zisanu ndi chimodzi ndi zina pamwamba. Ndinadziuza kuti vuto likhala kusankha.

Ndinayambira ku Hora chifukwa kumeneko tinapita limodzi kangapo konse. Loweruka lambiri a Nyashaba ankakwera kumbuyo kwa njinga yamoto, atanyamula miyendo ya kamera kudzanja lina, kwinaku chikwama cha tiyi ndi mbatata. Sanali okonda mbalame. Ankati mbalame ndi ndiwo zimene zinathawa mbale. Koma ankapita, ankakhala pamwala ola lathunthu osatsokomola, udzudzu ndi tintchentche tikuwadya, kuti ine ndipeze chimene ndinkafuna. Ndinatsegula gulu la Hora. Phiri m'mawa, phiri masana, phiri litavala mtambo, mbira zitatu zikuothera dzuwa pathanthwe, chiombankhanga chikuzungulira. Pa chithunzi china, m'munsi penipeni, panali mthunzi wa munthu wovala duku utagwera pa udzu. Ndinachidutsa, ndinati nkhope ili kutsogolo.

Ku Perekezi ndinapeza dzanja lawo. Linagwira nthambi ya msuku kuti isagwedezeke, pa nthambipo pali bilimankhwe wokongola amene anzanga a pagulu anamuyamikira sabata yathunthu. Ku Euthini ndinapeza mapazi awo m'patapata, pafupi ndi bowa wamkulu, chifukwa ndinawayimika pamenepo dala kuti anthu aone kukula kwa bowayo. Ku Jenda, pa chithunzi cha ngolo ya ng'ombe ikutsika m'fumbi la m'mawa, kutali kwambiri kunali kamsana ka munthu wamkazi akuyenda. Mwina anali iwo, mwina ayi.

Pamenepo thukuta linayamba kutuluka ngakhale unali Juni. Ndinatsegula gulu la Kuseri kwa Nyumba, mmene munali zithunzi zoposa chikwi, zonse zojambulidwa pabwalo pamene iwo ankachapa, kuyanika ndi kupeta tsiku ndi tsiku. Munali timba pa maluwa, apumbwa pa mpapaya, buluzi pa njerwa, kangaude ndi ukonde wake wa mame. Ngakhale chule amene ankakhala kunsi kwa diramu ya madzi anali ndi zithunzi khumi ndi zinayi, nkhope yake ikuoneka bwinobwino. Mwini bwalo munalibe.

Mawu amene ndinawauza kwambiri akazi anga m'zaka zonsezi sanali achikondi, sanalinso achipongwe. Anali akuti, "Tasunthani." Tasunthani, mwalowa. Tasunthani pang'ono, duku lanu likuoneka. Iwo ankasuntha, nthawi zina akuseka. "Awiske Chawa, ine mudzandijambula ndikadzamera mapiko," ankatero, kunditchula mwa Chitumbuka kuti bambo a Chawa, mwana wathu. Ine ndinkayankha kuti tsiku lawo likubwera, ndidzawajambula bwinobwino, kuwala kuli kwabwino, osati mothamanga. Ndinkanena zoona, ndinalidi ndi maganizo amenewo.

Mwana wathu mmodzi yekhayo, Chawanangwa, anafika masana kuchokera ku Kasungu kumene amaphunzitsa. Atalira ndi azimayi pabalaza, anagogoda kuchipinda n'kundipeza ndili chigwadire pambali pa bedi, maso pa laputopu.

"Adada, asibweni a Zondwayo akuti chithunzi chili kuti. Akufuna atume munthu akachitsukitse."

"Ndikufunafuna."

"Mukufunafuna chabwino kwambiri?"

Ndinapitiriza kuyang'ana pa laputopu. Anakhala pabedi, anakokera laputopu kwa iye, n'kuyamba kutsitsa ndi chala. Anatsitsa nthawi yaitali. Ndinkamva mpweya wake ukusintha.

"Adada, amama ali kuti umu?"

"Pali dzanja lawo apo, ku Perekezi."

"Dzanja." Anandiyang'ana ngati akuona mlendo. "Tiyike dzanja pa bokosi?"

Ndinamufunsa za foni yake, mwamanyazi, ngati wopempha mchere kwa aneba amene anakangana nawo dzulo. Anandikumbutsa kuti foni yakale inabedwa pa siteji chaka chatha. Mu yatsopanoyo munali zithunzi ziwiri za mwezi watha, kuchipatala, mayi ake atatha, masaya atalowa, maso atatseka. Anati zimenezo sadzaonetsa munthu aliyense, ndipo ine ndinagwirizana naye. Cha ukwati wathu kunalibe, wojambula wa nthawi imeneyo anatiuza kuti filimu inapsa, ndipo tinangoseka poti tinali achinyamata.

Chawanangwa anatuluka kukafunsa azimayi. Mafoni anayenda m'manja, ena anatumiza uthenga ku Champhira, ena kwa abale a ku Joni. Zinabwera zithunzi za gulu la Umanyano, azimayi makumi anayi ovala zoyera, a Nyashaba ali kumzere wakumbuyo, nkhope ngati njere ya nyemba, penanso atawerama. Mayi wina wokalamba wa mumpingo anafotokoza chifukwa chake mokweza, mpaka ine kuchipinda ndinamva. Anati Nyashaba munthu akamulozetsa foni ankabisa nkhope ndi chitenje, amvekere, tumafoni tanuto timafinya nkhope, ine kunyumba kuli kamera yeniyeni, awiske Chawa akudikira tsiku labwino.

Ndinatseka laputopu. Ndikanakonda akazi anga akanandinyoza kwa anthu, akanati mwamuna wanga ndi chitsiru cha mbalame. Koma ankandinyadira, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa imfa yawo ya m'mawa uja. Ndikunena zimenezi ndikudziwa kuti n'zochititsa manyazi.

Pansi, chotsamira khoma, panali chithunzi cha m'fulemu chimene anthu anachitsitsa pabalaza. Chinali cha nkhulukulu, mbalame yobiriwira ya chisoti pamutu, itatambasula mapiko ofiira psuu pa nthambi ya mkuyu. Ndicho chinali chithunzi changa chopambana zonse, mlendo aliyense wolowa m'nyumba mwathu ndinkamuyimika patsogolo pake asanamwe ndi madzi omwe. Nditachiyang'ana ndinakumbukira tsiku lake, ndipo mtima unadumpha, chifukwa tsiku limenelo linali lija labwino lija.

Zaka zinayi zapitazo, titakolola, a Nyashaba anasoketsa diresi yachikasu kwa telala wa ku Jenda. Anayivala Lamulungu tili kwawo ku Champhira, anadzola mafuta, anamanga duku latsopano, n'kundiuza kuti lero sindithawa. Tinapita kumkuyu waukulu wa kumunsi kwa dimba la bambo awo, kumene ankasewera ali mwana. Anakhala pamuzu, anakonza diresi m'mawondo, anandifunsa ngati ayang'ane kwa ine kapena kumbali. Dzuwa linali lopendeka, kuwala kofewa, konse kumene ndinkadikira zaka zonse zija. Ndinakweza kamera, nkhope yawo inadzaza bwino. Chala chili pa batani, ndinamva kulira kwa nkhulukulu pamwamba pa phewa lawo.

Mbalame imeneyo ndinali nditayisaka zaka zisanu ndi chimodzi. Imamveka koma sionekera, ikaonekera ili m'masamba. Tsiku limenelo inatera poyera, pa nthambi yotsika, ikudya nkhuyu. "Musagwedezeke," ndinanong'ona, ndipo iwo anaganiza kuti ndikunena za chithunzi chawo. Ndinasuntha kamera pang'ono chabe. Ndinajambula kamodzi mbalame ikutsegula mapiko, kenako inauluka, ine pambuyo pake, kudumpha mizere ya dimba, kuoloka kamtsinje. Ndinabwerako dzuwa litalowa kuseri kwa phiri, nsapato zili matope okhaokha. Ndinawapeza ali pamuzu pomwepo. Ndinati kuwala kwatha, tidzachita mawa. Anati, "Yewo," n'kudzuka. Mawa lakelo tinali pa njinga kubwerera ku boma, ndipo diresi ija sindikumbuka ngati ndinayionanso.

Koma pa chithunzi chimodzi chija iwo analimo. Ndinakumbuka bwino, kumanzere kwake kunali chikasu cha diresi ndi mbali ya nkhope. Ndinatsegulanso laputopu, ndinapita ku gulu la Champhira, ndinachipeza. Munali mbalame, nthambi ndi masamba basi. Ndinali nditadula mbali yakumanzere pa kompyuta n'kusunga chodulacho pamwamba pa choyamba, monga ndinkachitira ndi zonse. Ndinatsegula fulemu kumbuyo ndi mpeni, poganiza kuti mwina pepalalo ndinangolipinda. Mphepete mwake munali modulidwa ndi sizasi, mokhota pang'ono. Apo ndinakumbuka kuti ndinachitsukitsa ndisanachidule pa kompyuta, ndipo nditafika nacho kunyumba ndinakhala patebulo n'kumeta mbali yosafunikayo ndi sizasi yawo yomwe ya m'kabati.

Cha m'ma fili koloko ndinatenga chitupa chawo cha unzika m'kachikwama kawo n'kutsika nacho kumsika wapansi. Sindinatume munthu, manyaziwo anali anga. Bestone, amene ali ndi kashopu kotsuka zithunzi pafupi ndi depoti, wanditsukira mbalame zanga zaka khumi. Anandipepesa maliro, kenako anatambasula dzanja kuti ndimupatse kakhadi ka m'kamera monga mwa nthawi zonse. Ndinamupatsa chitupa.

"Bwana, ichi?"

"Chikulitse."

"Sichituluka bwino ichi. Kachithunzi n'kakang'ono chomene, ndiye pali timizere ta boma tadutsa pankhope. Kunyumba mulibe china? Inu?"

"Ndati chikulitse, Bestone."

Anayesetsa, mwana wa eni ake. Anachijambula ndi makina ake, anachiwalitsa, anayesa kuchotsa timizere, nkhope n'kumafufutika limodzi nato. Chimene chinatuluka chinali mayi wotuwa, wosamwetulira, maso otong'oka chifukwa cha kuwala kwa tsiku la kalembera, mphuno yosungunuka. Akazi anga anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo ndi kachipsera pamwamba pa nsidze, pamene ng'ombe inawagunda ali mtsikana. Pa pepalapo panalibe chimodzi mwa zimenezi. Bestone anachiyika m'fulemu yakuda, anachikulunga m'nyuzipepala, ndipo sanandiyang'ane m'maso pondipatsa.

A Zondwayo anachitsegulira kuseri kwa nyumba, kutali ndi anthu. Ndi munthu wa ng'ombe, wosachedwa kupsa mtima, ndipo ndinali wokonzeka kuti andilalatire. Ndinkafuna atatero. Anachiyang'ana nthawi yaitali, anachipendeketsa ku dzuwa.

"Uyu ndi ndani, alamu?"

"Ndi cha pa chitupa. China palibe."

"Palibe." Anapukuta galasi la fulemu ndi mkono wa jekete. "Kwathu kumudzi mwajambula ng'ombe zanga zonse. Yamawanga ija munayitsukitsa n'kundipatsa, ili pakhoma mpaka lero. Ng'ombe, alamu." Anachikulunganso m'nyuzipepala mosamala. "Mbwenu tinyamula chomwechi. Anthu a kwathu akumudziwa Christobel, adzaona ndi mtima."

Anapita kukakonza za galimoto. Ine ndinatsala nditayima pafupi ndi diramu ya madzi, pamene pamakhala chule uja.

Lachisanu m'mawa, bokosi litafika kuchokera kuchipatala ndipo lole ili pamsewu, amayi a Umanyano anapempha buku la nyimbo la malemu kuti aliyike pamwamba pa bokosi pamodzi ndi duku loyera, monga amachitira ndi mnzawo aliyense. Chawanangwa analowa kuchipinda kukalitenga. Ine ndinali momwemo, ndikulimbana ndi tayi. Anatsegula sutikesi ya mayi ake, anachotsa zitenje, ndipo pansi pake ndinaona chikasu cha diresi ija, yopindidwa bwino ngati yatsopano. Bukulo linali pambali pake. Polinyamula, munagwa kapepala kakatali, kopyapyala, m'lifupi mwake ngati zala zitatu.

Anakatola, anakayang'ana, anakatembenuza. Kumbuyo kunali zolemba za bolopeni, za dzanja lija lolemba mopendekera kumanzere. Anawerenga mokweza.

"Ine, pa mkuyu wa kwathu. Anandijambula awiske Chawa."

Anandipatsa osandiyang'ana, anatenga buku n'kutuluka.

Kanali kachidutswa kaja. Ine ndinakasiya patebulo tsiku lija pamodzi ndi nyenyeswa zina kuti akasese. M'makona munali mutafewa chifukwa chogwiridwagwiridwa, ndipo pakati panali mzere wa pamene bukulo linkakapana Lamulungu lililonse kwa zaka zinayi. Ndinagwada pansi, ndinatenga chithunzi cha nkhulukulu chimene chinali chikadali kunja kwa fulemu yake, n'kulumikiza ziwirizo. Mokhota mwa sizasi munagwirizana ndendende.

Kwa nthawi yoyamba ndinaona chithunzi chonse monga mmene chinalowera m'kamera. Kumanja kunali mbalame, nthenga iliyonse yowerengeka, diso lake likuwala, ngakhale kanyenyeswa ka nkhuyu kukamwa kwake kakuoneka. Kumanzere kunali akazi anga, theka la nkhope, diso limodzi, phewa lachikasu, zonse zili mbuu, chifukwa diso la kamera ndinali nditalipereka kwa mbalame. Anali atakhala mowongoka, osagwedezeka, monga ndinawauzira.

Kunja lole inaliza hutala, azimayi anayamba nyimbo yonyamukira, ndipo ndinamva a Zondwayo akufunsa kuti alamu ali kuti. Ndinayandikitsa kachidutswako kumaso, ndinakatalikitsa, ndinapita nako pawindo. Ndimafuna ndione mpata wa mano uja, kapena kachipsera, chilichonse. Pakamwa pawo panali kakuwala pang'ono. Ndikuganiza kuti ankamwetulira, koma sindingathe kutsimikiza, ndipo amene akanandiuza anali atakwezedwa kale pa lole, kumbuyo kwa chithunzi cha mayi wotuwa amene palibe ankamudziwa.